Gemu Ikakanika: Phunziro la Kuugwira Mtima



Phunziro la m'kope lino likukhudza chinthu chimene ambiri mwa ife akuluakulu timachiyesa chibwana, koma chidalowa kale m'makomo mwathu. Tikunena za magemu a pa foni, pa kompyuta ndi pa PlayStation, makamaka mkwiyo umene umabwera munthu akamalephera pa malo amodzimodzi kakhumi kapena kuposa apo. Mkwiyo umenewu umawonongetsa zinthu. Galasi la foni limasweka, mabatani a padi amathyoka, mng'ono amatukwanidwa, tulo timachedwa, ndipo m'mawa mwana amalowa m'kalasi maso ali psuu. Lamulo loti mwana azisewera kapena ayi ndi la makolo m'nyumba mwawo, ndipo ife sitilowererapo. Cholinga chathu n'choti tonse timvetse chifukwa chimene magemu amavutira, tidziwe kusiyanitsa mitundu ya kuvutako, ndipo tione zoyenera kuchita mtima ukayamba kuwira.

Kuvutaku kudachokera kuti?

Magemu oyamba kutchuka sankaseweredwa kunyumba. Adali makina aakulu ngati kabati, oikidwa m'masitolo ndi m'malo odyera ku Japan ndi ku America, ndipo munthu ankaponyamo ndalama yachitsulo kuti asewere. Mwini makina ankapindula wosewera akaluza msanga, chifukwa kuluza kulikonse kunkafuna ndalama ina. Choncho gemu inkapangidwa kuti iyambe mokoma, kenako ilimbe mwachangu.

Chitsanzo chodziwika ndi Space Invaders, imene Tomohiro Nishikado adapanga ku kampani ya Taito mu 1978. M'gemuyi adani 55 amatsika pang'onopang'ono m'mizere, ndipo wosewera amawawombera ali pansi. Makina a nthawi imeneyo adali ofooka, moti adani akachepa, makinawo ankapepukidwa ntchito n'kuyamba kuyendetsa otsalawo mothamanga. Nishikado adaona kuti zimenezi zikukometsa gemu ndipo adazisiya choncho. Munthu akamayandikira kupambana m'pamene zinthu zinkavutira kwambiri.

Magemu atalowa m'nyumba, khalidwe la kuvuta lidapita nawo. Kampani ya Nintendo itatulutsa Super Mario Bros. mu 1985, idapanga yachiwiri yake ku Japan mu 1986. Yachiwiriyi idali yovuta kwambiri moti nthambi ya kampaniyo ku America siidaigulitse nthawi imeneyo, ndipo anthu a kumeneko adadzaiona mu 1993. Apa tikuphunzirapo kuti kuvuta kwa gemu kumachita kusankhidwa. Pali munthu amene adakhala pansi n'kulinganiza kuti dzenje likhale lalikulu bwanji, mdani azithamanga bwanji, ndiponso wosewera akagwa abwerere kutali bwanji. Wophunzira akaluza, asafulumire kudzitcha mbuli. Ayambe wafunsa kuti wopanga gemuyo ankafuna chiyani.

Mitundu inayi ya kuvuta

Mtundu woyamba ndi kuvuta kophunzitsa. Gemu ya Dark Souls, imene kampani ya FromSoftware ya ku Japan idatulutsa mu 2011 motsogozedwa ndi Hidetaka Miyazaki, imadziwika dziko lonse chifukwa cha kulimba kwake. Wosewera akagonja amabwerera pa malo opumira omaliza, ndipo chuma chimene adasonkhanitsa chimatsala pamene adagwera. Akagonjanso asanafikepo, chumacho chimatayika. Koma adani a m'gemuyi amayenda mwa ndondomeko. Asanamenye amaonetsa chizindikiro, monga kukweza mkono kapena kubwerera m'mbuyo pang'ono. Wothamangira kumenya amaluza, pamene woonetsetsa amaphunzira kanthu pa kugonja kulikonse. Tatchula gemuyi ngati chitsanzo chabe, pakuti idalembedwa kuti ndi ya anthu okulirapo. Chizindikiro cha kuvuta kophunzitsa n'chakuti ukaluza umatha kunena chimene walakwitsa.

Mtundu wachiwiri ndi kuvuta kofuna ndalama. Magemu ambiri a pa foni amatengedwa ulere, koma eni ake amafuna phindu. Mu Candy Crush Saga, imene kampani ya King idatulutsa mu 2012, wosewera amakhala ndi miyoyo isanu, ndipo moyo umodzi ukatha umabwerera pakapita mphindi 30. Mipata yosewerera ikatha wosewera atatsala pang'ono kupambana, gemu imamuuza kuti akhoza kugula mipata ina. Uthenga wogulitsawo umabwera pa nthawi imene mtima ukupweteka, chifukwa munthu wokhumudwa sawerengera bwino ndalama. Magemu ena amagulitsa mabokosi obisa zamkati, moti munthu amalipira asakudziwa chimene apeze. Mu 2018 bungwe loona za njuga ku Belgium lidagamula kuti mabokosi otere m'magemu ena ndi njuga. Nkhani imeneyi makolo ndi a komiti aiganizire bwino, chifukwa njuga ikavala malaya a gemu ya mpira, ana saizindikira. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mtundu wachitatu ndi kuvuta kochokera ku zipangizo. Gemu ya pa intaneti imadalira makompyuta aakulu amene nthawi zambiri amakhala kutali, kunja kwa dziko lino. Wosewera akadina batani, uthenga umapita kumeneko n'kubwerera. Nthawi ya ulendowu imayezedwa m'timagawo 1,000 ta sekondi imodzi, ndipo osewera amaitcha ping. Amene ping yake ili pa 200 amachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi pa chilichonse chimene akuchita, pamene mnzake wa ping ya 30 amaona zinthu msanga. Tikaonjezerapo foni yotentha, bandulo yotha ndi kuzima kwa magetsi, tiona kuti kuluza kwina sikukhudza luso n'komwe. Kukwiyira zala zako chifukwa cha netiweki n'kulanga wosalakwa.

Mtundu wachinayi ndi kuvuta kochokera kwa munthu mnzako. Magemu ambiri opikisana pa intaneti amagwiritsa ntchito njira zofanana ndi imene Arpad Elo adakonzera masewera a chess, yomwe bungwe la chess la dziko lonse lidayamba kuitsatira mu 1970. Wosewera akapambana, mapointi ake amakwera ndipo amapatsidwa adani olimba. Akaluza, amatsika. Cholinga chake n'choti anthu a luso lofanana azikumana, ndipo zotsatira zake n'zakuti osewera ambiri amapambana pafupifupi theka la mipikisano yawo, ngakhale luso lawo likukula. Mwana amene akuyembekeza kupambana nthawi zonse akuyembekeza chinthu chimene dongosolo lenilenilo lidapangidwa kuti lisamupatse. N'chimodzimodzi pa bawo: ukayamba kugonjetsa anzako onse a msinkhu wako, umaitanidwa pa bawo la agogo, ndipo kumeneko umayambiranso kudyedwa.

Chimachitika n'chiyani m'thupi?

Munthu akapsa mtima, thupi limakonzekera ndewu. Mtima umagunda mothamanga, mpweya umafupika, minofu ya m'manja ndi m'mapewa imalimba, ndipo maganizo amapanikizika pa chinthu chimodzi. Zimenezi zimathandiza pothawa galu wolusa, koma zimasokoneza ntchito yofuna zala zomasuka ndi maso oona mbali zonse. N'chifukwa chake wokwiya amadina batani nthawi isanakwane, amabwereza njira yomwe yalephereka kale, ndipo amaluza msanga kuposa poyamba. Kuluzako kumaonjezera mkwiyo, mkwiyowo n'kubweretsa kuluza kwina.

Osewera a m'maiko ambiri amatcha mkhalidwe umenewu tilt. Dzinali lidachokera ku makina akale a pinball, amene munthu akawagwedeza mwamphamvu chifukwa cha ukali, ankatseka timikono tomenyera mpira, mpirawo n'kugwera m'dzenje mwini wake akuyang'ana. Makinawo ankalanga mkwiyo poyera. Magemu a masiku ano amaulanganso, kungoti mwakachetechete.

Katswiri wa za maganizo a anthu, Mihaly Csikszentmihalyi, adafotokoza m'buku lake lotchedwa Flow la mu 1990 kuti munthu amasangalala kwambiri ndi ntchito pamene kulimba kwa ntchitoyo kukufanana ndi luso lake. Ntchito ikaphweka kwambiri imatopetsa, ikalimba kwambiri imabweretsa nkhawa. Katswiri wina wa ku Denmark, Jesper Juul, m'buku lake la mu 2013 lotchedwa The Art of Failure, adaunika chodabwitsa chakuti anthu amadana ndi kulephera, komabe amafunafuna magemu amene akudziwa kuti akalepheramo.  Choncho kukhumudwa pang'ono ndi mbali ya masewera. Chimene tikulimbana nacho ndi kukhumudwa kumene kwakula mpaka kulamulira munthu.

Zoyenera kuchita

Choyamba, dziwani zizindikiro zanu. Wina amaluma mano, wina amayamba kuyankhula yekha mokweza, wina amafinya foni mpaka zala kuyera. Chizindikirocho chikaoneka, dziwani kuti luso lanu layamba kale kutsika.

Chachiwiri, dziikireni malire musanayambe. Mwachitsanzo, mukhoza kupangana ndi mtima wanu kuti mukaluza katatu motsatizana pa malo amodzi, muika foni pansi kwa mphindi khumi. Malire oikidwa mtima uli m'malo ndi amene amagwira ntchito. Mawu akuti "kamodzi kokha kenanso" amanenedwa ndi munthu amene wakwiya kale.

Chachitatu, pumulani zenizeni. Kuchoka pa gemu n'kupita pa TikTok si kupuma, chifukwa maso ndi mutu zikugwirabe ntchito pa galasi lomwelo. Imirirani, imwani madzi, tulukani panja, thandizani mayi kapena bambo ka ntchito kena. Zimene timaphunzira ku madrasa zokhudza mkwiyo, monga kukhala chete, kusintha kakhalidwe ka thupi ndi kupanga wudhu, zimagwira ntchito pa mkwiyo wa gemu monga zimagwirira pa mkwiyo wina uliwonse. Mkwiyo suchepa kuipa chifukwa choti wayambira pa masewera.

Chachinayi, mukabwerera funsani funso limodzi: ndaluza chifukwa chiyani? Ngati yankho lili m'manja mwanu, monga kulumpha mochedwa kapena kuthamangitsa oteteza onse kutsogolo pa gemu ya mpira, sinthani chinthu chimodzi chokha n'kuyesanso. Ngati yankho ndi netiweki, siyani gemu ya pa intaneti tsiku limenelo. Ngati yankho n'lakuti gemu ikufuna ndalama, tsekani uthengawo ndipo mudikire. Ngati yankho n'lakuti mnzanu akukuposani, muyamikeni ndipo muonetsetse mmene akusewerera.

Chachisanu, gawani vuto m'zigawo. Pokumana ndi mdani wamkulu, perekani maulendo angapo ongoonerera ndi kuzemba, osaganiza zopambana. Werengani kuti amamenya kangati asanapume. Cholinga cha ulendo umenewo chikhale kudziwa chinthu chimodzi chatsopano. Mukatero, ulendo umene gemu yati mwaluza umakhala kuti mwapindula nawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachisanu ndi chimodzi, gonani. Mu 2002 Matthew Walker ndi anzake ku Harvard adaphunzitsa anthu kudina mabatani mwa ndondomeko inayake mothamanga. Amene adayesedwanso atagona usiku adathamanga kuposa kale ndi pafupifupi 20 peresenti, pamene amene adayesedwanso tsiku lomwelo asanagone sadasinthe kwenikweni. Ubongo umakhazikitsa luso la manja munthu ali m'tulo. Osewera ambiri amadziwa kuti malo amene adawakanika usiku wonse amawadutsa m'mawa pa ulendo woyamba kapena wachiwiri. Kuchezera pa gemu mpaka usiku wapakati kumaononga luso lomwe mukulifunalo, ndiponso kumalemetsa thupi pa nthawi ya Fajr ndi m'kalasi.

Chachisanu ndi chiwiri, yang'anani nthawi musanayambe mpikisano wa pa intaneti. Mipikisano yotere siimitsidwa pakati, ndipo magemu ena amalanga wotulukamo. Mikangano yambiri ya m'nyumba imabuka pamene mwana waitanidwa ali pakati pa mpikisano. Ngati nthawi ya Swala, ya chakudya kapena ya ntchito ili pafupi, musayambe.

Chachisanu ndi chitatu, sungani lilime. Kumbuyo kwa dzina lachilendo la pa gemu kuli mwana wa munthu. Mawu otukwana olembedwa kapena onenedwa pa gemu amatha kujambulidwa n'kufalitsidwa, ndipo amamutsata mwini wake. Wina akakutukwanani, magemu ambiri ali ndi batani lomutsekera mawu komanso lomunenezera. Gwiritsani ntchito mabatani amenewo m'malo mobwezera.

Kupempha thandizo si manyazi

Pakati pa osewera pali mtima wonyoza amene wasankha mulingo wophweka kapena wafufuza njira pa YouTube. Mtima umenewu si wanzeru. Gemu ya Celeste ya mu 2018, yokamba za mtsikana wokwera phiri lovuta, imawerenga poyera kuti wosewera wagwa kangati, ndipo ambiri amagwa maulendo oposa chikwi asanafike pamwamba. Komabe opanga ake adaikamo njira yothandizira imene imalola munthu kuchepetsa liwiro la gemu kapena kudziteteza kuti asamagonje. Iwo adazindikira kuti manja, maso ndi nthawi za anthu n'zosiyana. Wophunzira amene ali ndi vuto la maso kapena la manja, kapenanso amene ali ndi mphindi zochepa zosewera, asachite manyazi kutsitsa mulingo. Ndipo amene wakanika afunse mnzake, pakuti safunsa adadya phula.

Ngakhale akatswiri amaphunzira kwa anzawo. Mu Disembala 2023 mnyamata wa zaka 13 wa ku Oklahoma, ku America, adasewera Tetris ya makina akale a Nintendo mpaka gawo la 157, pamene gemuyo idaima yokha. Kuyambira pamene gemuyo idatuluka mu 1989, palibe munthu amene adadziwika kuti adafikapo pamenepo. Iye adagwiritsa ntchito kagwiridwe ka padi kamene osewera ena adatulukira n'kugawana poyera. Luso lake lidamangidwa pa nzeru za anthu ambiri.

Nthawi yosiya

Pali magemu ena ofunika kungowasiya. Flappy Bird, gemu ya pa foni ya kambalame kodutsa pakati pa mapaipi, idatchuka dziko lonse kumayambiriro kwa 2014 chifukwa cha kuvuta kwake. Mu Febuluwale chaka chomwecho mwini wake, Dong Nguyen wa ku Vietnam, adaichotsa yekha pa msika ngakhale inkamubweretsera ndalama zambiri, ndipo adafotokoza kuti anthu ankakodwa nayo mopitirira muyeso. Ngati woipanga adatha kuisiya, woisewera angathenso. Funso lothandiza ndi ili: ndikamaliza kusewera, kodi ndimakhala wopepukidwa kapena wowawidwa mtima? Ngati kwa milungu ingapo yankho ndi lachiwirili, gemuyo ichotsedwe mu foni.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidavomereza mu 2019 kuti vuto la kukodwa ndi magemu lilowe m'ndandanda wake wa matenda. Zizindikiro zake ndi zitatu: kulephera kudziletsa pa kasewereredwe, kuika magemu patsogolo pa zinthu zina zonse za moyo, ndi kupitiriza ngakhale mavuto akuonekera. Zimenezi ziyenera kukhala zoononga kwambiri moyo wa munthu, ndipo kawirikawiri zikhale zitatenga miyezi 12. Bungweli limanenanso kuti vutoli limagwira gawo lochepa la osewera. Choncho tisathamangire kutcha mwana aliyense wokonda gemu kuti ndi wodwala, koma zizindikirozi zikaoneka pamodzi, tikambirane ndi aphunzitsi ndi a zaumoyo.

Mawu kwa makolo ndi a komiti

Mwana akapsa mtima pa gemu, nthawi imeneyo si yomulangiza. Mawu sangalowe. Muuzeni mwachidule kuti aike foni pansi, ndipo mukambirane mtima wake utatsika. Mufunseni kuti akuonetseni malo amene akumukanikawo. Makolo ambiri amadabwa kuona kuchuluka kwa kuganiza kumene kumafunika, ndipo mwana amene wamvedwa amamveranso msanga.

Gwirizanani za nthawi asanayambe, ndipo mumuchenjeze patatsala mphindi zingapo. Yang'anani nambala ya zaka imene imalembedwa pa gemu. Ya ku Ulaya imakhala 3, 7, 12, 16 kapena 18. Musapereke nambala yachinsinsi ya ndalama za mu foni yanu kwa mwana wosewera pa foniyo. Chinthu chikasweka chifukwa cha mkwiyo, mwana atengepo mbali pochikonza, kaya ndi ntchito kaya ndi ndalama zake zosunga, kuti aone yekha zotsatira za mkwiyo. Tikumbukirenso kuti ana amaona mmene ife timachitira timu yathu ya mpira ikagonja kapena minibasi ikatichedwetsa.

Kuchokera pa gemu kupita m'kalasi

Wophunzira amene amayesa malo amodzi a gemu maulendo 40 nthawi zina amasiya samu pa ulendo wachiwiri, n'kunena kuti masamu si ake. Kusiyana kwake n'kwakuti gemu imamuuza nthawi yomweyo kuti walakwa ndipo imamupatsa mpata wina, pamene samu imadikira mphunzitsi achonge. Kusiyanaku tingathe kukuchepetsa. Pokonzekera JCE ndi MSCE, tengani funso limodzi la mayeso akale, liyankheni, yerekezani ndi yankho loyenera nthawi yomweyo, pezani mzere umene mwasochera, ndipo mulibwereze mawa mutagona. Njira yake ndi yomweyo ya pa gemu, ndipo kupirira kwake muli nako kale.

Mafunso okambirana m'kalasi ndi kunyumba

1. Tchulani mitundu inayi ya kuvuta kwa magemu. Gemu imene mumaikonda ili m'gulu liti, ndipo mwadziwa bwanji?
2. N'chifukwa chiyani uthenga wogulitsa umabwera wosewera atangoluza kumene?
3. Kodi thupi lanu limaonetsa zizindikiro zanji mukayamba kupsa mtima?
4. Fotokozani kusiyana kwa kupuma, kupempha thandizo ndi kusiyiratu. Chilichonse chimayenera nthawi yanji?

Ntchito ya mlungu uno: wophunzira aliyense amene amasewera alembe m'kope tsiku, nthawi imene wayamba ndi kumaliza, ndiponso mmene mtima wake unalili pomaliza. Amene sasewera achite chimodzimodzi ndi phunziro limene limamuvuta kwambiri. Makolo asayine, ndipo tidzakambirana zotsatira zake m'makalasi mlungu wamawa, In shaa Allah.